Kudyerekeza

Tikamva mawu akuti Mdyerekezi timaganiza za Satana, koma tsinde lake ndi mneni wakuti kudyerekeza, kutanthauza kuneneza munthu pofuna kumuipitsira mbiri. Pa 1 Timoteo 3:11 ndi pa Tito 2:3, pamene Paulo akulangiza akazi a mumpingo, Chigiriki chili ndi mawu akuti diabolos, omwewo amene Chipangano Chatsopano chimatchulira Satana, ndipo Buku Lopatulika la 1922 linasunga ubale umenewu. Choncho zimene timazipeputsa n'kumati ndi miseche chabe, Paulo anaziika m'gulu limodzi ndi ntchito ya woneneza wamkuluyo. Sizimachita kufuna bodza lamkunkhuniza ayi. Mayi wa Mvano akatuluka m'mapemphero Lachinayi n'kunong'oneza mnzake kuti "tiwapempherere amayi aujeni, mwana wawo wabwera ndi pathupi," mwina zonse ndi zoona, koma nkhaniyo yafika kwa munthu amene sangathandize chilichonse.

Ena amati malangizowa amangopanikiza akazi. Komatu pa 2 Timoteo 3:3 mawu omwewo akunena za anthu onse, abambo ali momwemo. Chodandaula chomveka kwambiri n'chakuti kuphunzitsa amayi kusunga pakamwa kumabisa nkhanza za m'banja, ndipo n'zoona kuti ena akhala chete akumenyedwa poopa kutchedwa amiseche. Koma kukanena kwa ankhoswe, kwa abusa kapena kupolisi kuti mnzako akuzunzidwa si kudyerekeza, chifukwa amenewo angathe kumupulumutsa, pamene amayi a pamjigo angomva n'kukauzanso ena.