Pamene a WITCH anasiya roko nkuyamba kuvinitsa disko

M'nyumba ya amalume ku Bwacha, muno mu Kabwe, muli sutikesi yachitsulo imene adzukulu saloledwa kuikhudza. Amalumewo anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, ndipo m'sutikesimo, pansi pa makalata a penshoni, muli zimbale zakuda zisanu ndi chimodzi. Tsiku limene ananditsegulira anatulutsa ziwiri nkuziika pa tebulo. China chinali Lazy Bones!! cha 1975, chikuto chake chothetheka m'makona. Chinacho chinali Movin' On cha 1980, chooneka ngati chagulidwa dzulo.

"Ichi ndiye WITCH," anatero akugogoda choyambacho ndi chala. "Chinachi, mphwanga, ndi anthu ena ovala malaya obwereka."

Mawu amenewa ndawamvapo kwa achikulire ambiri, ndipo sindigwirizana nawo kwenikweni. Koma tiyambire kumayambiriro.

WITCH inabadwira ku Kitwe, pa Copperbelt, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mkuwa ukadali ndi mtengo ndipo anyamata a m'migodi ali ndi ndalama yolipirira pakhomo Loweruka usiku. Oimba anali Emanyeo Chanda pa mawu, Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa besi, Boidi Sinkala pa ng'oma, kenako Paul Mumba pa ogani. Dzina la gululi silinachokere ku ufiti ngakhale makolo ambiri ankaganiza choncho. Analidula kuchoka ku footswitch, kachipangizo koponda ndi phazi kosinthira kamvekedwe ka gitala, ndipo tanthauzo loti We Intend To Cause Havoc linadzabwera pambuyo. Nalo dzina la woimba wawo linali lobwereka: Chanda ankadumpha pa siteji ngati Mick Jagger wa Rolling Stones, anthu nkumutcha Jagari. Anthu a mu Kabwe sangadabwe nazo zimenezi. Godfrey Chitalu, amene anagoletsa zigoli 107 m'chaka cha 1972 akusewerera Kabwe Warriors ndi timu ya dziko, dziko lonse linkamuitana kuti Ucar, dzina la mabatire a m'sitolo.

Tsono mukamvera zimbale zoyamba, Introduction ndi In the Past, mukumva chiyani ngati si ngongole? Gitala yolira mokhadzula ija anaiphunzira kwa Jimi Hendrix. Kulemera kwa besi ndi kwa magulu a ku England monga Deep Purple ndi Black Sabbath, kukuwa ndi kudula mawu ndi kwa James Brown, ndipo nyimbo zambiri anaziimba m'Chingerezi. Ubwino wake ndi woti sanakopere bwino. Zida zinali zochepa, situdiyo yosakwanira, woimba ng'oma anakulira m'magule a kwawo, ndiye chotulukacho sichinafanane ndi cha mwini wake. Chimenecho ndicho lero tikuchitcha Zamrock. Atadzaona gulu la Osibisa, la anyamata a ku Ghana ndi ku Caribbean okhala ku London, likusakaniza roko ndi ng'oma za Chiafirika popanda manyazi, a WITCH anabwerekanso nzeru imeneyo, ndipo imamveka pa Lukombo Vibes cha 1976. Chimbale cha 1977, chija chili ndi nyimbo ya Janet, chinatseka nyengo ya roko.

Boma linathandizapo. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'dziko muno. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda zimbale komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo. Kabwe ali pakati pa Copperbelt ndi Lusaka, pa msewu ndi pa njanji yomwe, choncho gulu lililonse la ku Copperbelt lopita kukaimba ku likulu linkadutsa pano, ndipo tauni ya mgodi wa mtovu ndi likulu la Zambia Railways sinkasowa anthu olandira malipiro pa mwezi ogula zimbale.

Zinthu zinatembenuka msanga. Mtengo wa mkuwa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 ndipo sunadzukenso kwa nthawi yaitali. Ndalama zakunja zogulira nsambo za gitala ndi zokuzira mawu zinasowa. Mu 1978 ndege za asilikali a Rhodesia zinayamba kuphulitsa misasa ya omenyera ufulu mkati mwa Zambia, boma nkuika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Gulu loimba limadya usiku, ndiye mukalitsekera usiku mwalilanda nsima. Pamwamba pa izo panabwera mdani wotchipa: munthu mmodzi wokhala ndi galamafoni ziwiri, masipika ndi bokosi la zimbale za Boney M, Donna Summer ndi Bee Gees. Mwini bala akawerengera, ankaona kuti kulipira mnyamata mmodziyo kukuposa kudyetsa anthu asanu ndi mmodzi ndi kuwapezera pogona. Jagari anachoka nkukakhala mphunzitsi. Otsalawo anali ndi njira ziwiri, kupachika magitala kapena kuimba zimene anthu akuvina.

Anasankha kuvinitsa. Analowetsa mnyamata wa kiyibodi, Patrick Mwondela, ndi oimba atsopano, kuphatikizapo Christine Jackson. Zimbabwe itangolandira ufulu mu 1980, njira ya kummwera inatseguka, ndipo anakajambulira ku Shed Studios mumzinda umene lero ndi Harare, kumene kunali makina abwinopo kuposa a kwawo.

Ndinapempha amalume kuti tiike Movin' On pa galamafoni. Anapukuta singano ndi nsonga ya mpango, monyinyirika. Chimene chimakugunda poyamba ndi ukhondo wa mawu. Gitala ya Mbewe, imene kale inkabangula, apa ikungodoka tizidutswa tifupitifupi ngati mmene ankachitira Nile Rodgers wa gulu la Chic. Besi ya Mulenga yachoka kumbuyo, ndiyo ikutsogolera nyimbo. Ng'oma yaikulu ikugunda kanayi mosaphonya, mawu a mkazi ndi a mwamuna akulandizana mofewa monga a Earth, Wind & Fire, kiyibodi ikuyala pansi ngati mphasa. Pa nyimbo ya My Desire mukhoza kulumbira kuti yachokera ku New York, mpaka mutatchera khutu kwa woimba ng'oma. Dzanja lake silinaiwale kwawo: pakati pa kugunda kanayi kuja amaponyamo timikwapulo tokankha, tija timakupangitsa kuvina ndi chiuno osati ndi mapewa okha. Amalume sananene kanthu, koma phazi lawo la kumanja linawaulula.

Akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo amalume anaunena mwambiwu chimbale chisanathe. Ine ndikuona kuti inagulukadi, koma chifukwa sichinali kubwerekako. Kuomboka, cha 1984, ndi chimbale cholimba mtima kuposa chinzakecho. Dzina lake ndi la mwambo wa Alozi, pamene Litunga amakwera bwato la Nalikwanda kuchoka ku Lealui kupita kumtunda ku Limulunga madzi a Zambezi akasefukira, ndipo gululi linayesa kuika zakwawo ndi disko m'mphika umodzi. Vuto linali la nthawi. Ku America komweko disko inali itazilala, ndipo muno makutu anali atatembenukira ku kalindula ya PK Chishala ndi Amayenge ndiponso rumba ya ku Zaire. Makaseti ojambula mwakuba anamaliza zotsalazo. Posakhalitsa gululi linabalalika, ndipo m'zaka zotsatira Edzi inakolola mbadwo wonse wa oimba a Zamrock. Mwa oyambitsa WITCH anatsala ndi Jagari yekha, amene anadzakhala wokumba miyala ya mtengo wapatali. Nawo mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, kutisiyira fumbi la mtovu m'mabwalo osewerera ana.

Zimbale zinadzuka kudzera kunja. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale za roko zija m'bokosi limodzi, ndipo za disko ziwiri zinatsatira mu 2014. Odabwitsa anali ma DJ a ku Ulaya, amene anathamangira zomwezo zimene amalume amazinyoza. Ntchito yojambula filimu ya Gio Arlotta, imene inatuluka mu 2019, inabwezera gululi pa siteji, ndipo pa chimbale cha Zango cha 2023, chojambulidwa ku DB Studios ku Lusaka, Jagari wa roko ndi Mwondela wa disko ali limodzi, pamodzi ndi woimba Sampa the Great.

Tili mkati mokambirana, mdzukulu wa amalume wa zaka 16 analowa ndi foni ikulira. Inali Noid ya Tyler, the Creator, ya 2024, imene inadula chidutswa cha Nizakupanga Ngozi ya gulu la Zamrock la Ngozi Family nkumangapo nyimbo yatsopano. Amalume anaimika dzanja m'mwamba atamva Chinyanja chikutuluka pakati pa Chingerezi cha ku California.

"Iwe, bweza pamenepo. Ameneyo si Paul Ngozi?"

"Ndi Tyler, agogo."

"Tyler wa kuti? Paul ameneyo anamwalira mu 1989, amayi ako asanayambe sukulu." Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa ngati Mmerekayo analipira abale a malemuwo.