Kafano ka Sandow m'manja mwa Ronnie Coleman

Kuseri kwa hostel yathu kuli malo amene anyamata amanyamulirapo zitsulo, zina mwa izo ndi simenti youmbidwa m'zitini. Pakhoma anamatapo chithunzi cha Ronnie Coleman atangopambana Mr. Olympia. Anzanga amasirira mikono yake, koma ine maso anga amakakamira pa mphotho ili m'manja mwakeyo. Ndi kafano ka Eugen Sandow, munthu amene lero sakanafika n'komwe pa siteji imeneyo.

Sandow, wobadwira ku Prussia, ndiye anakonza mpikisano waukulu woyamba woonetsa matupi mu 1901 ku Royal Albert Hall, mumzinda wa London. Mmodzi mwa oweruza anali Arthur Conan Doyle, mlembi wa Sherlock Holmes. Nthawi imeneyo thupi labwino linkayerekezedwa ndi ziboliboli za Agiriki, ndipo munthu ankatha kulipeza ndi zitsulo, chakudya ndi tulo.

Zinthu zinatembenuka mu 1958 pamene kampani ya Ciba inayamba kugulitsa Dianabol ku America. Dr John Ziegler, yemwe ankasamalira timu ya dzikolo yonyamula zitsulo, anafalitsa mankhwalawa atamva kuti a Soviet Union akugwiritsa ntchito testosterone. Pamene Joe Weider ankayambitsa Mr. Olympia mu 1965, masteroid anali atalowa kale m'majimu. Arnold Schwarzenegger, amene anapambana kachisanu ndi chimodzi ku Pretoria mu 1975, anavomera yekha kuti ankawagwiritsa ntchito.

Ine mlandu waukulu ndimauika pa oweruza. Chaka ndi chaka ankapereka mphotho kwa wamkulu kuposa onse komanso wouma kuposa onse. Kuumako n'kumene anthu ambiri sakumvetsa. Kwa miyezi itatu kapena inayi munthu amadya nkhuku, mpunga ndi zoyera za mazira zoyezedwa pasikelo, kenaka m'masiku omaliza amachepetsa madzi, ena n'kumwa mapiritsi okodzetsa kuti khungu limamatire ku minofu. Tsiku limene akuoneka wamphamvu kwambiri ndi limene wafooka kwambiri. Mohammed Benaziza anamwalira mu 1992 ku Netherlands, patangopita maola ochepa atapambana mpikisano. Andreas Münzer wa ku Austria anamwalira mu 1996 ali ndi zaka 31. Madokotala anapeza zotupa m'chiwindi ndi mtima wokula pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti okonza mpikisanowu anayesapo kuletsa. Mu 1990 opikisana pa Mr. Olympia anapimidwa ngati amwa masteroid. Matupi anaoneka ocheperako, ndipo chaka chotsatira kupimako kunasiyidwa. Mu 1992 kunabwera Dorian Yates wa ku England ndi msana wonga chitseko, napambana kasanu ndi kamodzi ngakhale anadula minofu ya pamkono kawiri.

Coleman anapambana kasanu ndi katatu, kuyambira 1998 mpaka 2005, ndipo mu 2003 ankalemera pafupifupi makilogalamu 130 pa siteji. Ankanjuta atasenza makilogalamu oposa 360 paphewa. Chiyambireni kupuma wachitidwa maopaleshoni oposa khumi a msana ndi m'chiuno, ndipo amayendera ndodo, nthawi zina njinga ya olumala.

Sabata yatha mnzanga wina wa pajimupo anandionetsa kabotolo kamene wagula kudzera pa WhatsApp. Pa lebulo pake panalibe dzina la kampani, ngakhale tsiku lotha mphamvu.