Kodi kuseka kumathandiza bwanji thupi lanu?

Mukaseka chikhakhali mpaka nthiti kuwawa, thupi lanu limagwira ntchito yambiri. Mumakoka mpweya wochuluka, mtima umagunda mofulumira kwa kanthawi, ndipo minofu ya pamimba ndi pachifuwa imakungika. Mukasiya kuseka, minofuyo imamasuka, mtima n'kubwerera m'malo mwake. N'chifukwa chake mumamva kupepukidwa.

Kumachepetsa ululu

Poseka, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa endorphin, timene timaziziritsa ululu. Mu 2011, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford linapeza kuti anthu amene aseka limodzi amapirira ululu kuposa mmene amapiririra asanaseke. Kumwetulira chabe sikukwanira, pamafunika kuseka kwenikweni kochokera m'mimba.

Kumathandiza mtima ndi maganizo

Mukakhala ndi nkhawa, thupi limachulukitsa timadzi ta cortisol. Timadziti tikakhalitsa tili tochuluka, magazi amathamanga kwambiri ndipo tulo timavuta. Kuseka kumatitsitsa. Mu 2005, Dr Michael Miller wa ku yunivesite ya Maryland ku America anapezanso kuti anthu akamaonera kanema woseketsa, mitsempha yawo ya magazi imatakasuka ndipo magazi amayenda bwino.

Sekani ndi anzanu

Katswiri wina, Robert Provine, anapeza kuti mwayi woti munthu aseke umachuluka pafupifupi ka 30 akakhala ndi anzake kuposa akakhala yekha. Choncho musangodalira tizithunzi toseketsa ta pa WhatsApp. Pezani nthawi yocheza ndi apabanja, yosewera bawo kapena yosereulana ndi asuweni anu. Amene munkamvera Izeki ndi Jakobo mukukumbukira mmene nyumba yonse inkafera nseko.

Ku India, Dr Madan Kataria anayambitsa magulu okumana kuti azingoseka mumzinda wa Mumbai mu 1995. Lero dziko lapansi limakumbukira tsiku la kuseka Lamulungu loyamba la mwezi wa May.

Samalani ndi izi

Kuseka sikulowa m'malo mwa mankhwala. Ngati mumamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, pitirizani monga anakuuzirani kuchipatala.

Kwa ena odwala mphumu, kuseka kwambiri kumayambitsa chifuwa ndi kubanika. Zikamakuchitikirani, auzeni adokotala, chifukwa mwina matendawo sakugonja ku mankhwala amene mukulandira. Ngati munthu wayamba kuseka kapena kulira kosadziletsa popanda chifukwa, makamaka pambuyo pa sitiroko kapena kuvulala m'mutu, pitani naye kuchipatala.

Kumbukiraninso kuti munthu akhoza kumaseketsa anzake pamene mumtima akuvutika. Ngati mwatha masabata awiri muli okhumudwa, tulo tosabwera, chakudya chosakoma, kapena mukuganiza zodzipha, musabise. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala chapafupi. Zomba Mental Hospital komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu a mavuto otere.