Timu Yatsopano Isewerera Kuti? Mbiri ya Mabwalo a Mpira mu Lilongwe Muno

Timu yatsopano ikalowa mu Super League, anthu amayamba kufunsa za kochi, za osewera ndi za thumba la mwini wake. Ine funso langa limakhala lina: kodi isewerera kuti? Limaoneka laling'ono funsoli, komatu mbiri ya mpira mu Lilongwe muno yagona pamenepo.

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, mpira waukulu unali kale ndi eni ake ku Blantyre. Wanderers ndi Bullets anali matimu a m'ma 1960, okhala ndi owatsatira kuyambira ku Ndirande mpaka kumidzi yakutali. Lilongwe unali mzinda womangidwa ndi boma, ndipo matimu ake akuluakulu anatuluka m'maofesi. Silver Strikers ndi ya Reserve Bank. Civo ndi ya ogwira ntchito m'boma. Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks ya asilikali. Mabwalo nawonso anatsata mabwana awo: Silver Stadium ku Area 47, Civo Stadium ku Area 9, Nankhaka ku Area 30 komwe kuli likulu la polisi.

Tayang'anani bwino mndandanda umenewu. Mabwalo onsewa ali tsidya lina la mtsinje wa Lilongwe. Ife a kuno ku Mchesi, ndi anzathu a ku Biwi, Kawale ndi Area 23, komwe anthu adzaza ngati nyerere, tinatsala ndi magalaundi a fumbi. Masintha amadziwika kwambiri ndi misonkhano ya ndale kusiyana ndi mpira. N'chifukwa chake kalipentala wa ku Mchesi, woti anabadwira konkuno, ukamufunsa timu yake amakuyankha kuti Maule kapena Manoma. Sindimudzudzula ayi. Munthu sungakonde banki ngati mmene umakondera kwanu.

Sikuti matimu a m'maofesiwa alephera. Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016. Silver inaitenga mu 2024, n'kudula ulamuliro wa Bullets yomwe inali itaitenga kasanu motsatizana. Malipiro odalirika ndi bwalo lakolako zimathandiza, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma phunziro lake n'lomwelo: amene ali ndi pakhomo ndiye amakhalitsa.

Kenako kunabwera Bingu National Stadium ku Area 48, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, n'kutsegulidwa mu Januwale 2017. Bwalo la anthu pafupifupi 40,000. Tinanyadira, ndipo m'pake. Koma chaka chomwecho, pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, anthu 8 anafa pa mpanipani wa pageti, ambiri mwa iwo ana, akufuna kukaonera Bullets ndi Silver. Tsiku limenelo linatiphunzitsa kuti bwalo si simenti yokha, koma ndi anthu oliyendetsanso. Mu 2021 phunzirolo linabweranso mwa njira ina: CAF itakana mabwalo athu, Flames inakasewerera masewero ake apakhomo ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Apakhomo, koma kwa eni! Zinthu zitakonzedwa, mu Juni 2022 tinagonjetsa Ethiopia 2-1 pa Bingu pomwepo, zigoli zonse ziwiri za Gabadinho Mhango.

Tsono tiyeni tione matimu omwe anayesa kubadwa kunja kwa boma. Masters Security inalowa mu ligi mu 2017, ndipo mu 2018 inadabwitsa dziko potenga Carlsberg Cup itagonjetsa Wanderers pa mapenate. Timu ya ku Lilongwe imeneyo, koma masewero ambiri apakhomo inkakasewerera ku Dedza. Mu 2019 inatuluka mu ligi. Sindikunena kuti bwalo lokha ndi lomwe linaigwetsa, poti nkhani za ndalama zinalipo. Chomwe ndikunena n'choti itagwa, panalibe dera lomwe linalira n'kunena kuti mwana wathu wapita, tiyeni timudzutse.

Lero tili ndi Creck Sporting Club, yomwe kale inkatchedwa Kawinga FC, ndipo inalowa mu Super League mu 2024. Nayonso yakhala ikukalandirira alendo ake ku Aubrey Dimba Stadium ku Mchinji. Kwa anthu a ku Mchinji ndi mwayi, ndipo ine sindiwachitira nsanje. Koma mwana wa ku Kawale angaikonde bwanji timu yoti kuti akaione pakhomo pake ayenera kuyenda makilomita oposa 100?

Timu yatsopano ya mumzinda muno ili ndi njira zitatu. Yoyamba ndi Bingu. Kukongola kokhakokha, koma anthu 2,000 m'bwalo la 40,000 amaoneka ngati nyemba zochepa mumphika waukulu, ndipo mtengo wake si wamasewera. Yachiwiri ndi kuchita lendi pa Civo kapena pa Silver. Pamenepo uli m'tauni, koma ndiwe mlendo: tsiku losewera limadalira mwini nyumba, ndiponso kwa zaka zambiri mwini bwalo wakhala akutenga gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za pageti. Yachitatu ndi kuthawira kumaboma, komwe anthu ali ndi njala ya mpira ndipo geti imayenda. Njira imeneyi imadyetsa lero, koma dzina la timu limakakulira kwina.

Ilipo njira yachinayi yomwe palibe waiyesa: kabwalo kakang'ono tsidya lino, ka anthu 5,000 kapena kuposerapo pang'ono, ka mpanda, kapinga, zimbudzi ndi zipinda zosinthira zoti FAM ivomereze. Anthu akhoza kumapitako wapansi kapena pa kabaza. Amayi a mandasi ndi anyamata a chiwaya angapezepo msika. Owotcherera ndi akalipentala oti n'kukonza mipando ndi mageti tili nawo mbwee kuno ku Mchesi.

Ndikudziwa, wina anena kuti awa ndi maloto a chumba. Ngakhale Bullets ndi Wanderers analonjezedwa mabwalo awo mu 2019, ntchitoyo inaima panjira, ndiye kulili kwanji katimu ka dzulodzuloli? Zoonadi. Koma malo opanda kanthu m'madera mwathu akutha tsiku ndi tsiku, pomwe panali galaundi mawa upeza maziko a nyumba. Khonsolo ya mzinda ndi eni matimu akachedwa zaka zina khumi, ndalama zikhoza kudzapezeka, koma pomanga padzakhala palibe.