Kuseka, kusekana, kusekerera

Mneni woti gwira sapuma m'Chichewa. Mayi wa ku Mpingu akalawirira kukaswa mtedza kapena kukasankha fodya m'chigafa cha mwini munda, timati wapita kukagwira ganyu. Tikaphatikiza -ir- pa tsinde lomwelo, tapeza amene ntchitoyo ikumupindulira: mayiyo akugwirira ntchito mwini munda. Akamvana za malipiro, kaya ndi pa ndowa kaya ndi pa tsiku, ndiye kuti agwirizana, ndipo apa mpamene pachokera mgwirizano uja timalemba pa zikwangwani za makalabu a alimi. Koma tsinde lomweli lili ndi mphukira ina imene sititchula chisawawa. Kugwirira, kapena kugwiririra monga amalembera atolankhani ambiri, ndi kugona ndi munthu mwa mphamvu iye asakufuna.

Kubwereza kwa -ir- kumeneko sikwachabe. Chinthu chikapsa chimadyeka, koma chikapserera chatha ntchito. Wopita amafika, wopitirira saima. Wogwiririra naye ndi wogwira osataya, mnzake akuphiriphitha, akukuwa, akuchonderera. Mawuwo eni ake akunena kale kuti panalibe kugwirizana.

Wanthabwala wa m'chigafa sachedwa kuona mpata umene uli pakati pa matanthauzo awiriwa. Kapitawo akuyendera mizere, afika pa mayi wina n'kunena mokweza kuti onse amve: "Lero mundigwirira ine ntchito, mayi, tsiku lina ndidzakugwirirani ndine." Anyamata onyamula mabelo afa nacho chikhakhali. Mayiyo akakwinya nkhope, yankho lili pafupi, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito pagulu amalidziwa: "Aaa, zocheza izi. Kodi inu simudziwa kucheza?"

Komatu kucheza kuli ndi lamulo lake m'chiyankhulo. Munthu umacheza naye. Mneniyu sayenda yekha, amafuna ndi, amafuna mnzake wokhala pamphasa yomweyo. Kuseka sikutero. Ukhoza kuseka ndi munthu, ukhozanso kumuseka, ndipo pa kumuseka munthuyo wasanduka chogwirira ntchito cha pakamwa pa ena. Kapitawo uja akuti amacheza, koma chimene chachitika n'chakuti mayiyo wasekedwa.

Tsinde la seka ndi lobereka kwambiri, ndipo ndikuona kuti nkhani yonse ya malire a nthabwala yagona pa mphukira zake. Kuseketsa ndi luso, ndipo tinali nawo akatswiri ake. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko linkawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, ankatha kugwetsa holo yonse ndi phwete pongokangana za kanthu kakang'ono. Kusekedwa n'kowawa. Kusekana ndiye mtima wa nthabwala za kwathu, chifukwa -an- amatanthauza kubwezerana: lero ine, mawa iwe.

Achewa si anthu amanyazi pa nthabwala, ndipo wonena kuti makolo athu sankatchula za kuchipinda akunama. Msuweni ndi msuweni amasereulana mpaka mlendo kusowa poyang'ana. Mlamu amanena mlamu wake. Agogo amatcha mdzukulu wawo wamkazi kuti mkazi wanga, mwanayo n'kuwayankha kuti sangakwatiwe ndi nkhalamba yopanda mano, bwalo lonse n'kuseka agogowo. Pa maliro, adzukulu okumba manda ali ndi ufulu wonena zimene wina aliyense sangayerekeze, ngakhale kutengera kayendedwe ka malemu, ndipo anamfedwa amapezeka amwetulira misozi ili m'masaya. Nyimbo zina za kudambwe ndi za kuchinamwali zimatchula ziwalo ndi mayina ake. Akatswiri a za chikhalidwe analemba zambiri za ubale woterewu, A. R. Radcliffe-Brown anasindikiza nkhani yake yotchuka ya maubale a nthabwala mu 1940, ngakhale agogo athu sanadikire Mngelezi kuti awauze amene angamusereule.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti ufulu umenewu unali ndi mpanda wothina. Mkamwini yemweyo amene amasereula mlamu wake, akaona apongozi akubwera amapatuka m'njira. Mlongo wako sumuuza zotere. Mkazi wa mwini, amene si mbale wako, ukamunena za thupi lake ndi mlandu wa kwa mfumu, ndipo nkhuku kapena mbuzi imatuluka m'khola. Pamwamba pa zonse, amene unkaloledwa kumusereula anali munthu wotha kukubwezera mawu mopanda mantha. Msuweni wako sangakuchotse ntchito. Mlamu wako sasunga kaundula wa masiku amene wagwira.

Kuntchito anthu abwereka mawu a ubalewo n'kusiya mpanda wake kumudzi. Mverani m'maofesi, m'magolosale a pa Namitete, pa sikelo za mavenda ogula soya ndi mtedza pa Nsaru: "alamu" apa, "msuweni" apo, "mkazi wanga wachiwiri" uko. Nthawi zambiri n'zabwinobwino, tsiku limafupika. Koma woitana kuti alamu akakhala yemwe amalemba maina a aganyu a mawa, -an- uja wathothoka. Mayi amene akuyembekeza malipiro a sabata kuti akagule chimanga sangabweze mawu, ndipo akaseka nawo, kusekako ndi msonkho umene akupereka kuti dzina lake lisafufutidwe.

Kuno ku Lilongwe anthu amachidziwa chitedze, chomera chimene dzina lake ndi lomwelo la malo a kafukufuku wa zaulimi amene anatsegulidwa mu 1948 m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, makilomita pafupifupi 16 kuchokera mu mzinda wa Lilongwe. Ana opulupudza amatha kuthothola ubweya wa zitheba zake n'kuwaza pa mpando wa mnzawo m'kalasi. Onse amaseka, ndipo onse angalumbire kuti anali masewera, chifukwa amene akuyabwidwa ndi mmodzi yekha. Nthabwala ya kugwiririra imayenda chimodzimodzi: woinena amapita kwawo waiwala, woimva amayamba kuwerengera njira yodzera pobwerera, kuti asadutse yekha m'munda wa chimanga dzuwa litapendeka.

Ndipo m'dera lino mawuwa si nthano. Pa 8 Okutobala 2019, pa nthawi ya zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho cha pa 21 Meyi chaka chomwecho, wapolisi wina, Usumani Imedi, anaphedwa ndi gulu la anthu pa Msundwe. Masiku amenewo dzina loti Msundwe Barracks, lonena za ochita zionetsero a pa Msundwe, linali pakamwa pa aliyense, ena akulinena monyadira, ena moseka. Apolisi atalowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amayi ndi atsikana anadandaula kuti anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza zina. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kutsimikiza kuti nkhanzazo zinachitikadi, bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi. Amayi amenewo amagula ndi kugulitsa m'misika yomweyi, amagwira ganyu m'minda yomweyi. Wonena nthabwala ya kugwiririra pa gulu la amayi khumi sadziwa amene akumukanda pachilonda, ndipo mwini chilondayo sangaimirire kuti adziulule.

Taonaninso mmene timazembera mawuwo tikafuna kuti apepuke. Mu Januwale 2018 woimba Mwiza Chavura anatulutsa nyimbo yotchedwa Ndidzakupanga Rape. Mabungwe omenyera ufulu wa amayi anakwiya, nyimboyo inaletsedwa, mwini wake anapepesa ndipo anamangidwa. Chimene chimandigwira mtima pa mutu wa nyimboyo ndi chakuti mawu oopsawo anawaika m'Chingelezi. Achinyamata ambiri amachita zomwezo pocheza, chifukwa mawu obwereka samveka kulemera pa lilime. Atanenedwa m'Chichewa chenicheni, pamaso pa mayi ake a woimbayo, palibe akanavina.

Kuzemba kwina n'kwa ife akuluakulu. Timati mtsikana anamuchita chipongwe. Chipongwe ndi mawu otambalala: mwana woyankha akulu mwamwano ndi wachipongwe, woponya mwala pa denga la mnzake usiku wachita chipongwe, mlamu wosereula mopyola naye timamuti asiye chipongwe. Tikalowetsa kugwiririra m'thumba lomwelo timafuna kusunga ulemu wa wolakwiridwa, ndipo cholingacho n'chabwino. Koma thumbalo limapepukitsanso mlandu, mpaka wina kumaona ngati ndi nkhani yothera pa mbuzi kwa nyakwawa, pamene malamulo a dziko lino amalola chilango chofika pa kukhala m'ndende moyo wonse.

Mawu oti zolaula ndiwo amanena zoona mosapsatira. Lero tikamva zolaula timaganiza za zithunzi za pa foni ndi makanema. Koma kulaula ndi mawu akale a malodza: chinthu chachilendo chikachitika, nkhalamba zimati chikutilaula, ndipo malaulo ndi chizindikiro cha zoipa zimene zikubwera. Amene anatcha mawu otukwana kuti olaula ankaona kuti chonenedwa pakamwa chimatsogolera chochitika. Sindikunena kuti aliyense wonena nthabwala yonyansa adzagwiririra munthu; ambiri ndi ongofuna kutchuka pa gulu. Koma wofunadi kuchita zoipa amayamba wayesa madzi ndi nthabwala, kuti aone amene angakalipe ndi amene angangoyang'ana kumbali.

Nkhani za kuntchito zimene zinafika poyera zikusonyeza mmene zinthu zimakulira pamene onse akudziwa koma palibe akunena. Mu Febuluwale 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wa Eastern Produce Malawi, inavomera kulipira mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa madandaulo a amayi 36 a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, amene anati anachitidwa nkhanza zogonana ndi amuna owayang'anira. Kampaniyo inalipira popanda kuvomera mlandu. Mwezi wotsatira, Malawi Human Rights Commission inatulutsa lipoti lonena kuti amene anali mkulu wa wailesi ya boma ya MBC ankazunza amayi ogwira ntchito pansi pake pa nkhani zomwezo. Kumunda ndi ku ofesi yoziziritsidwa ndi makina, chofanana chinali chakuti wodandaulidwayo ndiye anali ndi mphamvu pa ntchito ya wodandaula.

Lamulo lilipo, ngakhale ambiri m'zigafa sanalimvepo. Gender Equality Act ya 2013, ndime 6, imati khalidwe lililonse lokhudza za kugonana limene munthu sakulifuna, kaya ndi la mawu, la zizindikiro kapena la kukhudza thupi, ndi mlandu ngati munthu woganiza bwino akanadziwiratu kuti mnzakeyo akhumudwa, anyazitsidwa kapena aopsezedwa. Chilango chake ndi chindapusa cha K1 miliyoni ndi zaka 5 m'ndende. Mawu okha ndi okwanira, dzanja lisanafike pa thupi. Ndipo lamulolo silifunsa ngati wonenayo ankacheza. Ndime 7 imafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo, chinthu chimene mabungwe akuluakulu ena ali nacho pa pepala, koma mayi wa ganyu ya masiku atatu amene bwana wake, kalaliki wake ndi womulipira ndi munthu mmodzi, akadandaula kwa yani?

Yatsala mphukira imodzi ya seka, ndipo ndi yomwe ikutikhudza ambirife amene sitinena nthabwala zotere koma timakhalapo zikamanenedwa. Bwerezani -er- monga tinabwerezera -ir- pa gwira, mupeza kusekerera. Poyamba ndi mawu okoma: mayi amasekerera khanda, mlendo timamulandira mosekerera. Koma mawu omwewo ndi amene timanena pa kholo lolekerera mwana wakuba: akumusekerera. Mfumu yosadzudzula zoipa m'mudzi timati ikusekerera zoipa. Chichewa chinaona kalekale kuti kuseka kukapitirira kumasanduka chilolezo, ndipo sichinavutike kupeka mawu ena.

Nkhani ya m'chigafa ija ikafika pokambidwa, kaya ndi kwa mwini munda kaya ndi kwa nyakwawa, kapitawo sabwera yekha. Amaitana anyamata onyamula mabelo aja, amaitananso amayi awiri atatu amene anaseka nawo poopa kutaya ganyu. Mmodzimmodzi amafunsidwa chimene anaona, ndipo amayankha zoona zokhazokha: "Tonse tinaseka, mfumu. Zinali zocheza." Woweruza akatembenukira kwa mayi wodandaulayo, funso limakhala lakuti, nanga anzanu onsewa bwanji sanakwiye?