Integrin

Integrin ndi mapuloteni opezeka kunja kwa selo amene amathandiza selo kugwirana ndi maselo ena komanso zinthu zolizungulira. Dzinali linaperekedwa mu 1986 ndi gulu la Richard Hynes. M'thupi la munthu muli mitundu 24 ya integrin, ndipo uliwonse uli ndi zigawo ziwiri, alpha ndi beta.

Maonekedwe

Mu 2001 ofufuza a ku Boston anapeza kuti integrin yotchedwa αVβ3 ndi yopindika ngati bondo. Pambuyo pake zinadziwika kuti imawongoka ikamagwira ntchito. Mitundu ina imagwira mapuloteni okhala ndi chizindikiro cha RGD, chomwe ndi ma amino acid atatu ondondozana.

Mankhwala

Integrin αIIbβ3 imamatitsa tizigawo ta magazi totchedwa mapulateleti kuti magazi aundane. Ululu wa mphiri, njoka yofala m'Malawi, uli ndi puloteni yotchedwa bitistatin, yomwe ili ndi RGD ndipo imatseka integrin imeneyi. Potengera puloteni yofanana nayo ya njoka ya Echis carinatus, anapanga tirofiban, mankhwala a m'dripu a odwala mtima, amene anavomerezedwa ku United States mu 1998.

Mapiritsi akumwa a mtunduwu analephera, chifukwa poyesedwa imfa zinachuluka. Mu 2022 gulu la Timothy Springer linaonetsa kuti mankhwala otere ankasiya integrin ili yotseguka ngati ikugwira ntchito, ndipo linafotokoza mmene angapangire oisunga yotsekeka.