Lupsa Looneka Kumwamba

Cilimwe ciri conse, udzu ukauma, moto umayenda m'thengo la dziko la Asoli ku Chongwe. Ena amaocha posaka mbewa, ena pofuna msipu wa ng'ombe, ena pososa minda. Kale panalibe wodziwa kukula kwa lupsa, pakuti mlonda wa nkhalango anali kuyenda pa njinga nalemba zokhazo zimene maso ace anaona.

Kuopsa kwa moto kuli m'nyengo yace. Mu 1933 anchito a Boma oyang'anira nkhalango anapatula malo ku Ndola kuti ayese: pena anaocha udzu usanaumitse, pena mocedwa mu Okutobala, pena sanaoche konse. Mu 1959 C. G. Trapnell analongosola zotsatira zace, kuti moto wocedwa unatha mitengo ya miombo, koma moto wofulumira unaisiya yamoyo. Cotero panafunika kudziwa malo opsa pamodzi ndi mwezi umene anapsa.

Njira inapezeka mu 1972, pamene Amereka anaponya m'mlengalenga setilaiti yochedwa Landsat, yojambula dziko pozungulira. Nthaka yopsa ndi yakuda, ndipo sibweza kuwala monga acitira masamba amoyo. Polinganiza cithunzi ca moto usanadze ndi ca pambuyo pace, akatswiri amalemba malire a lupsa pa mapu. Mu 1999 ndi 2002 anakweza makina ochedwa MODIS, oona dziko pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo kunadziwika kuti malo ambiri opsa pa dziko lapansi ali mu Afirika.

Koma pa mapu a MODIS kadontho kamodzi ndi mahekitala 25. Ku Kanakantapa, kumene Boma linayamba kugawa minda kwa acinyamata osowa nchito mu 1988, moto wa m'munda umodzi ukhoza kubisika m'kadontho kotere. Sentinel-2, imene maiko a ku Ulaya anakweza mu 2015, imaona malo a mamita 10 kapena 20, ndipo inaonetsa kuti moto waung'onoung'ono umaocha dziko lalikuru koposa limene linawerengedwa kale.

Lero mapu angathe kusonyeza ngati thengo la Kanakantapa linapsa mu Juni kapena mu Okutobala. Mapuwo sanena dzina la woyatsa. Kusankha mwezi kukali m'manja mwa mafumu ndi eni minda, amene ana ao adzafuna nkhuni, mapaso ndi masuku.